Funsani Makaniko: Anandichotsa pampikisano chifukwa cha injini

FUNSO: Zikomo bambo Makaniko. Ine ndimakhala ku Chitakale, ku Mulanje, ndipo ndili ndi Hilux yakale ya dizilo imene m'kati mwa sabata imanyamula nanazi ndi nthochi kupita ku Limbe. Mwezi wathawu anzathu ena okonda magalimoto a 4x4 anakonza kampikisano ka Loweruka pamsewu wina wamatope kuseri kwa minda ya tiyi. Magulu analipo awiri, la magalimoto osinthidwa ndi la stock, kutanthauza galimoto monga inachokera kufakitale. Ine ndinalembetsa ku stock ndipo ndinakhala wachiwiri. Tili pa kanyenya, mmodzi mwa okonza mpikisanowo anati nditsekule boneti. Atasuzumira anati galimoto yanga inabwera ndi injini yotchedwa 3L koma muli ina yotchedwa 5L (awa ndi maina chabe, osati malita), choncho andichotsa pamndandanda. Zoona zake n'zakuti 3L ija inagogoda zaka zitatu zapitazo, ndipo imene ndalama zanga zinakwanira inali 5L. Sindinaiike chifukwa cha mpikisano ayi. Chondiwawa n'chakuti amene anapambana, aliyense akudziwa kuti difu yake yakumbuyo (magiya ogawira mphamvu ku matayala awiri) ndi yowotcherera, koma palibe anagwada kusuzumira pansi pa galimoto yake. Iyeyo ndi mlamu wake wa mmodzi mwa okonzawo. Kodi pamenepa wabera ndani?
Wa Hilux yoyera, Chitakale

YANKHO: Achimwene, ndiyambire pomwe simukupafuna. Pa nkhani ya injini yokhayo, anthu aja sanalakwe.

Injini ziwirizi kunja zimafanana ngati mapasa, n'chifukwa chake amakaniko timakonda kuika ina pamalo pa inzake popanda kusema zitsulo. Kusiyana kuli m'kati. Mabowo a mapisitoni a 3L ndi mamilimita 96, a 5L ndi 99.5, ndiye 3L imakwana 2,779cc pomwe 5L imafika 2,986cc. Pa tala, mutanyamula nanazi, 200cc imeneyo mwina simuimva. Koma pachitunda chamatope, galimoto ili pa giya yachiwiri ikulira ngati ikufuna kuzima, mnzanu wa 3L amaima inu mukukwerabe.

Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, pa magalimoto osasinthidwa amayambira pamfundo imodzi yowuma gwa: chilichonse chimene sichinaloledwe molemba n'choletsedwa. Safunsa kuti mumaganiza chiyani pomwe mumasintha. Woyeza galimoto angayeze bowo la pisitoni, koma mtima wa munthu alibe choyezera. Akangolola chifukwa choti "injini inagogoda", chaka chamawa injini za aliyense zidzagogoda sabata yomwe ya mpikisano.

Si inu woyamba kulira ndi zoterezi. Mu 1966, pa Monte Carlo Rally, timagalimoto titatu ta Mini Cooper S tinatenga malo oyamba, achiwiri ndi achitatu, oyendetsa ali Timo Mäkinen, Rauno Aaltonen ndi Paddy Hopkirk. Oyeza anaphwasula timagalimototo n'kupeza injini zili bwinobwino. Chimene anawagwira nacho ndi mababu a nyale zakutsogolo, amene sanali a mtundu womwe malamulo amafuna. Onse atatu anachotsedwa ndipo chikho chinapita kwa Pauli Toivonen wa Citroën. Mpaka lero okonda rally amakanganabe za chigamulo chimenecho, ndipo ine ndili kumbali ya amene amati chinanyanya. Koma onani kuti babu lokha linakwanira kulanda anthu chikho. Nanga injini yathunthu?

Komatu kubera kwenikweni sikuoneka ngati zanuzo. Mu 1995 timu ya Toyota inagwidwa pa Rally Catalunya ku Spain. Malamulo ankafuna kuti pakhomo pa turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) pakhale kachitsulo ka bowo la mamilimita 34, kochepetsa mpweya wolowa mu injini kuti magalimoto onse afanane mphamvu. Akatswiri a timuyo anapanga zoti paipi ikamangidwa, kachitsuloko kazisuntha pang'ono n'kusiya mpata woti mpweya uzidutsa m'mbali. Woyeza akamasula, kankabwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Imeneyo ndiye ntchito ya munthu amene wakhala pansi n'kuganiza zobisa. Timuyo inalandidwa mapointi a chaka chonse n'kuletsedwa kupikisana kwa miyezi 12, ndipo oyendetsa ake, Juha Kankkunen, Didier Auriol ndi Armin Schwarz, anataya mapointi awo nawonso. Inu 5L yanu inali poyera, yodindidwa pachitsulo, ndipo boneti munatsekula nokha. Simunabere. Munangolowa m'gulu losayenera, ndipo woyenera kukuuzani m'mawa, musanathire dizilo wanu, anali okonza mpikisanowo. Mipikisano yolongosoka imayeza magalimoto onse asananyamuke. Akanatero, akanangokusamutsirani kugulu la osinthidwa, inu n'kukapikisana kumeneko mtima uli m'malo.

Tsono tibwere ku difu, chifukwa apa ndiye pali nkhani.

Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Difu ndi imene imalola matayala awiriwo kuzungulira pa liwiro losiyana. Kuipa kwake kumaonekera m'matope: tayala limodzi likaterera kapena kulendewera, mphamvu imathera komweko, lija likungomwaza matope, linzake lili phee pouma. Munthu akawotcherera timagiya ta m'kati mwa difu, matayala onse awiri amakhala ngati amangidwa pamtengo umodzi. Lina literere, linzake likukankhabe. M'dothi lofiira la kwanu ku Mulanje mvula itagwa, zimenezi zimaposa kutalitali 200cc yanu ija. Mutandipatsa zosankha pakati pa 5L ndi difu yowotcherera pampikisano wamatope, injiniyo ndingakusiyireni.

Ndikunena zimene ndinachitapo ndi manja angawa. Ndili mnyamata ku Luchenza, bambo wina wonyamula mchenga wa kumtsinje anandichonderera kuti ndimuwotcherere difu chifukwa ankatitimira tsiku lililonse. Ndinatero, ndipo kumchenga anasiyadi kutitimira. Koma akafika pa tala n'kukhota kulowa pomwetsa mafuta, tayala lam'kati linkadumphadumpha likulira kuti kwi kwi kwi, anthu n'kumatembenuka. Matayala akumbuyo anatha msanga, ndipo tsiku lina atadzaza mchenga, shafuti inathyoka pakona. Anabwera ku galaja wapansi, atanyamula kachidutswa kake m'thumba la shuga. Chichokereni tsiku limenelo sindiwotchereranso difu ya galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse.

Kuigwira sikufuna makina. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala, giya ikhale pa fili, 4x4 yochotsa, handibuleki yomasula. Kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, linzake lili pansi, ndipo lizungulizeni ndi manja. Difu wamba imalola tayalalo kuzungulira mosavuta. Yowotcherera siisuntha ngakhale mutalikwera. Ntchito ya mphindi zisanu basi. Chenjezo langa n'lakuti ma Hilux ena anachoka kufakitale ali ndi difu yogwira pang'ono, imene timaitcha LSD, ndipo ena ali ndi batani lokhomera difu. Ya LSD tayala limalimba koma mukalikakamiza limayenda. Ngati galimoto ya mlamu uja inabwera nazo zimenezi, ndiye kuti ndi stock ndithu ndipo mulibe mlandu naye. Mawu oti "aliyense akudziwa" si umboni, achimwene. Jeke ndiye mboni.

Apa ndi pomwe okonza aja anakulakwirani. Anatsekula boneti imodzi n'kusiya zinazo. Ngati ayeza wachiwiri, woyamba ndi wachitatu ayezedwenso, pamaso pa onse, asanapite kwina kulikonse komwe angakasinthe kanthu. M'mipikisano ikuluikulu magalimoto akamaliza amaikidwa mumpanda momwe ngakhale mwini wake saloledwa kugwira sipanala. Ndipo amene ali ndi m'bale wake pampikisano asakhale woweruza. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwina bambo ajawo ndi achilungamo, koma palibe angakhulupirire.

Mukakumananso, musapite ndi mkwiyo, pitani ndi pepala. Pemphani kuti malamulo a gulu la stock alembedwe ndi kugawidwa kusanafike tsiku. Ndipo alembedwe moganizira magalimoto athu, osati kukopera a ku Ulaya mmene alili. Kuno galimoto ya zaka 25 imene ili ndendende monga inachokera ku Japan mungaisake mpaka nsapato kutha. Mashoka timagula amene tawapeza m'sitolo, masipuling'i wina anawonjezera tsamba limodzi kuti azinyamula matumba a chimanga, radiyeta ndi ya galimoto ina. Mukati zonsezo n'zoletsedwa, gulu la stock mudzatsala anthu awiri. Ine ndikanalemba kuti chitsulo cholowa m'malo mwa chakutha n'chololedwa ngati chili cha kukula komweko, chikumangidwa pamalo omwewo, ndipo chiwerengero chake sichinasinthe. Shoka imodzi pa tayala ikhalebe imodzi. Injini ikhale ya mtundu womwe galimotoyo inabwera nawo. Wodandaula azilemba dandaulo lake pasanathe mphindi 30 zotsatira zitatuluka, monga amachitira a FIA, n'kuika kandalama kachikole kamene kamabwezedwa ngati wanena zoona. Kachikoleko kamachepetsa madandaulo a pamowa.

FUNSO: Ndili ndi ka Suzuki Escudo ndipo amuna anga akufuna tikaikire snorkel ndi chitsulo choteteza pansi pa injini. Tikatero ndiye kuti tachoka m'gulu la stock?
Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

YANKHO: Mayi, afunseni okonza mpikisano wanu musanaboole bodi, ndipo akuyankheni molemba. Koma maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri ziloledwe. Chitsulo chapansi sichiwonjezera liwiro, chimangowonjezera kulemera, ndipo chimapulumutsa sampu (mphika wa oilo wa pansi pa injini) ku miyala. Snorkel ntchito yake n'kukweza pomwe injini imakokera mpweya kuti isamwe madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye akalowa pamwamba pa pisitoni ikukwera, chopindika ndi konirodi, mkono wachitsulo wogwira pisitoniyo, ndipo injini yatha pomwepo. Ku Safari Rally ya ku Kenya, imene inayamba mu 1953, magalimoto akhala akuoneka ndi ma snorkel chifukwa cha mitsinje ndi zithaphwi za kumeneko. Chimodzimodzi zitsulo zoteteza anthu galimoto ikagubuduzika, malamba a mapewa onse awiri, ndi chozimitsira moto. Zimenezi gulu lililonse lizilola, ndipo pamtsetse ngati ya ku Thyolo ndikanakonda zitakhala zokakamiza.

Chimene simunafunse koma chofunika kuposa zonsezi ndi matayala. Anthu amakangana za snorkel tsiku lonse, pomwe wina wafika ndi matayala akuluakulu a mano ngati a thirakitala. Tayala lalitali limakweza mimba ya galimoto, ngakhale difu imene masipuling'i sangaikweze, ndipo la mano limaluma pomwe la pa tala likungoterereka. Ngati malamulo anu sakutchula kukula kwa tayala, ndiye kuti sanayambe kulembedwa.

FUNSO: Nanga chilungamo chili pati ngati wina wabwera ndi galimoto yatsopano ya turbo, yosasinthidwa ndithu, kudzapikisana ndi zikhakha zathuzi?
Mnyamata wa ku Muloza

YANKHO: Malinga ndi lamulo, iyeyo ndiye wa stock weniweni kuposa nonsenu, ndipo simungamuthamangitse chifukwa choti ali ndi ndalama. Ku Finland anapeza njira yoseketsa pa mipikisano yawo ya magalimoto akale yotchedwa jokamiesluokka. Galimoto iliyonse yopikisana imakhala ndi mtengo umodzi wokhazikika, wotsika, ndipo mpikisano ukatha munthu wina atha kupempha kuigula pamtengo umenewo. Mwini wake akakana, amalandidwa chiphaso chopikisanira. Ndiye palibe amene amathira ndalama zambiri m'galimoto yoti madzulo ipita ndi wina.

Ku Muloza zimenezo zingathere kwa amfumu, poti galimoto yomwe yapambana Loweruka ndi yomweyo ikukatenga katundu Lolemba. Chotheka n'kugawa gulu la stock potengera kukula kwa injini, ndipo ya turbo iziwerengedwa mokwera. A FIA amachulukitsa ma cc a injini ya turbo ndi 1.7 ikakhala ya petulo, ndi 1.5 ikakhala ya dizilo. Mwa kawerengedwe kameneko, Hilux ya 2.5 D-4D, imene ndi 2,494cc, imawerengedwa ngati 3,741cc, ndipo siingakhalenso gulu limodzi ndi 3L ya munthu wonyamula nthochi.