Kujambula ndi dimba, zingayendere limodzi?

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula zithunzi pakhomo, za pensulo ndi za penti zomwe, koma pano ndayamba kadimba kuseri kwa nyumba ndiye kakundidyera nthawi kwabasi, anzanga akuti ndisankhepo chimodzi. Nditani? Komanso madzi otsukira mabulashi aja ndingathirire mbewu?

YANKHO: Anzanuwo asakusokonezeni achimwene. Claude Monet, wojambula wa ku France uja, anasamukira ku Giverny mu 1883 nkuyamba kulima maluwa, mu 1893 anagula malo ena nkukumbitsa dziwe, ndipo maluwa a m'madzi a padziwepo anawajambula pa zithunzi pafupifupi 250 mpaka kumwalira kwake mu 1926. Ndiye wina azikuuzani kuti dimba likuchedwetsani?

Nkhani ndi kugawa nthawi basi. Ngati mumagwiritsa penti wa mafuta mukudziwa kale kuti amatenga masiku kuti aume, mmalo momangomuyang'ana nkumagwiragwira ndi chala pitani mukapalire, kabuku ndi pensulo zili m'thumba, mukaona tsamba lobooledwa ndi mbozi lijambuleni pomwepo dzuwa lisanasunthe mthunzi. Maso amachenjera choncho.

Koma za madzizo ayi ndithu, musayerekeze. Mapenti ena ofiira ndi achikasu amakhala ndi chitsulo chotchedwa cadmium, ena abuluu chotchedwa cobalt, zimenezi sizofunika m'dothi lomwe mukulimamo zakudya. Asiyeni m'chitini zinyalalazo zidikhe pansi, ziume, mukataye kutali ndi dimba. Sanza zonyowa ndi mafuta osakanizira penti otchedwa linseed oil musaziunjike pakona, zimatha kutentha nkuyaka zokha, ziyanikeni panja imodziimodzi.