Kodi mkhristu angapite kukamvera bandi yoimba za nyenyezi?

Mayi wina wa ku Mufakose wanditumizira imelo. Mwana wawo amaliza trombone, lipenga lalitali lachitsulo, m'bandi ya kuyunivesite, ndipo wawaitanira ku konsati ya nyimbo za kuthambo ndi zauzimu. Ataona mayina a Mars ndi Jupiter papulogalamu, mtima unawagunda. Akufunsa kuti, kodi izi si zoombeza nyenyezi? Munthu wa Mvano ku CCAP akakhale nawo pamenepo?

Mayi, pitani. Koma sindikubisirani kanthu. Nyimbo mwaionayo ndi The Planets, yomwe Gustav Holst wa ku England anapeka pakati pa 1914 ndi 1917, ndipo ndi zoona kuti mkuluyu ankakonda kuwerenga za okhulupirira nyenyezi. Nchifukwa chake nyimboyi ili ndi zigawo 7, chilichonse chili ndi dzina la pulaneti monga Mars ndi Jupiter, ndipo dziko lathuli mulibemo. Komatu m'nyimboyi mulibe mawu opembedza chilichonse, palibenso amene akakuuzeni zam'tsogolo. Mars imagunda ngati asilikali akuguba kunkhondo. Pakati pa Jupiter pali kayimbidwe kodekha kamene anthu anakakonda mpaka kukalowetsa m'mabuku a nyimbo zakutchalitchi. Holst mwiniwakeyo ankaliza trombone, ngati mwana wanuyo.

Chimene chimandikoka ine ku bandi yotereyi ndi mpweya. Pafupifupi chida chilichonse pamenepo, kupatula ng'oma ndi zina zomenya, chimalira chifukwa munthu wapumiramo. Mukakhale kutsogolo, muyang'ane wotsogolera akakweza kamtengo kake: bandi yonse imakoka mpweya nthawi imodzi, mpaka umamva kuti fuu nyimbo isanayambe. Ine pamenepo tsitsi limandiima. Mukaona mwana wanu akukhuthulira timadzi pansi kuchokera m'chida chake, musachite manyazi, ndi mpweya wake womwewo umene wasanduka madzi m'chitsulo chozizira. M'Chiheberi liwu loti ruach limatanthauza mphepo, mpweya komanso mzimu, ndipo Salimo 150, lomwe limatchula lipenga, limathera poitana chilichonse chopuma kuti chitamande Mulungu.

Zoliza malipengazi si zachilendonso kwa ife. Mabandi a Salvation Army timawamva muno mu Harare, ndipo kumudzi, ku Nkhata Bay, amuna amavina malipenga akuuzira m'zipanda, gule amene anatengera mabandi a asilikali.

Ngati adzaimbe mpaka Neptune, chigawo chomaliza, tcherani khutu kumapeto. Holst analemba kuti amayi aziimba popanda mawu ali m'chipinda china, chitseko chizitsekedwa pang'onopang'ono mpaka mawuwo azimiririke. Mabandi ena amapereka mbali imeneyi kwa zitoliro.

Manja musaombe pakati pa zigawo, dikirani wotsogolera atembenuke. Akatero, nthungululu yanu ija musaisiye ku Mufakose, mwanayo aimve ali kumbuyo komweko kumene amakhala oliza trombone.