Khonde la matabwa lakalamba: tikonze kapena tigwetse?

Mayi wina wa ku Waterfalls, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Akuti kuseri kwa nyumba yawo kuli khonde la matabwa lomwe analipeza pogula nyumbayo. Pano matabwa atuwa mbuu, ena ang'aluka, ena amalira munthu akaponda. Kalipentala wina akuti ligwetsedwe lonse, mnzake akuti likungofuna vanishi basi. Amvere uti?

Amayi, kalipentala amene sanagwade n'kusuzumira kunsi kwa khondelo musamumvere, kaya wanena zotani. Matabwa opondapo amanamiza. Dzuwa la Okutobala kuno ku Harare limawaula thabwa lililonse, koma kutuwa si kuwola. Mlandu uli kunsi.

Tengani sikuludiraiva, mubaye nsanamira iliyonse pamene yalowera m'nthaka. Kenako bayani mitanda yonyamula matabwa, makamaka umene waphatikana ndi khoma la nyumba, poti madzi ochokera padenga amakonda kukhazikika pamenepo. Ikalowa ngati mwabaya mbatata yophika, mtengowo watha. Gogodaninso paliponse. Chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu, ndiye nsanamira imaoneka yabwinobwino pamene mkati muli mphako. Mukaona timizere ta dothi tokwera pamtengo, dziwani kuti alendowo anafika kale.

Ngati nsanamira ndi mitanda zili gwa, kugwetsa n'kutaya ndalama. Sinthani matabwa ong'alukawo, enawo apalidwe. Ine vanishi panja sindimukonda, amasupuka ndi dzuwa. Mafuta opaka matabwa ndiye amalowerera. Ikawola nsanamira imodzi kapena ziwiri, zimasinthika. Koma zikakhala zambiri, kapena khonde likamagwedera mukayenda, musakhomerepo thabwa latsopano ngakhale limodzi. Pamenepo pamasewera adzukulu, si pochitira zongoyerekeza.

Mukamagula, paini wa ku Nyanga kapena Chimanimani ndi wabwino pokhapokha atamwetsedwa mankhwala oteteza matabwa ku chiswe ndi kuwola otchedwa CCA. Mlingo wa mankhwalawo umasiyana: funsani H3 wa mitanda ndi matabwa opondapo, H4 wa nsanamira zolowa m'nthaka. Kubiriwira kokha kwa thabwa kusakukopeni, kaya ndi kumsika wa Siyaso ku Mbare kaya m'sitolo yayikulu, funani chidindo chosonyeza H3 kapena H4. Misomali ikhale ya galvanized, yokutidwa kuti isachite dzimbiri, chifukwa kopa wa m'mankhwalawo amadyetsa dzimbiri misomali wamba. Teak wa ku Matabeleland chiswe amachikana ndithu, koma mtengo wake mukaumva mukhala kaye pansi.

Likafika pogwetsedwa, ndipo ngati lili pafupi ndi nthaka, ndikadakhala ine ndikadangothira simenti, nkhani ya chiswe n'kuthera pomwepo. Matabwa ochotsedwawo, ngati anali a CCA, musasonkhere moto wa nsima kapena wowotchera nyama magetsi akazima: muli arsenic, utsi ndi phulusa lomwe n'zapoizoni. Ndipo muitanitse kalipentala mu Ogasiti kapena Seputembala, mitengo ili youma, mvula ya Novembala isanayambe.