Kukawedza m'nyanja yamchere kummwera kwa Durban: Disembala ali bwino?

Wowerenga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg watilembera imelo. Akuti anakulira ku Nkhotakota akuwedza kampango ndi mbedza, ndipo patchuthi cha Disembala akufuna kupita ndi banja kugombe la kummwera kwa Durban kwa masiku asanu. Akufunsa za nthawi, zida ndi malamulo.

Achimwene, luso la kunyanja yakwathu likuthandizani pomanga mfundo ndi podekha, koma pulani yonse imangidwe pa zimene kwathu kulibe: madzi odzaza ndi kuphwa, mchere, ndi nyengo za nsomba zoyendayenda.

Ngati tchuthi chingasunthe, sankhani pakati pa Juni ndi Ogasiti. Ndi pamene nsomba za sardine zimadutsa m'magulu kuchokera ku Eastern Cape, ndipo nsomba zodya zinzake zotchedwa shad ndi garrick zimabwera pambuyo pake mpaka pafupi ndi gombe. Sardine sizisunga pangano, zaka zina siziwoneka kwenikweni, koma shad zimapezeka. Disembala ngotheka, kungoti malo ogona amakwera mtengo, magombe amadzaza osambira, ndipo mvula ikagwa mitsinje imatsanulira matope m'nyanja. Nyengo imeneyi phindu lili pa boti, kumene kuli nsomba zikuluzikulu za dorado ndi couta. Lipirani tsiku limodzi la boti pa Shelly Beach, gombe la pafupi ndi tawuni ya Margate, masiku enawo muwedzere pamtunda.

Kuchoka ku Joni pamsewu wa N3 mpaka Durban ndi makilomita pafupifupi 570, kenako N2 kulowera kummwera. Scottburgh ili pafupi, Margate ndi Port Edward zili kutsogolo. Pezani nyumba yoti mufike pamadzi wapansi, chifukwa kuyendetsa galimoto pamchenga wa gombe nkoletsedwa.

Musanalipire malo, tsegulani tebulo la kudzaza kwa nyanja pa intaneti. Madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Funani masiku amene madzi akukwera m'bandakucha kapena chamadzulo, pakuti shad imadya kukamacha. Tsiku loyamba pitani madzi ataphwa, opanda mbedza, mukangoyang'ana. Pamene funde likusweka ndi thovu loyera mpamchenga wosaya. Pamene madzi ali obiriwira mwakuda ndipo funde likudutsa osasweka mpamene pali ngalande, ndipo nyambo iponyedwe pamenepo. Ambiri amalimbana ndi kuponya kutali, nsomba zili pamamita 30 okha.

Zida za shad sizambiri. Ndodo ya mamita 3.6 mpaka 4.2, rilo (chokulungira twayini) yolowa twayini wa 0.40mm wokwana mamita 200, mbedza za 3/0 kapena 4/0, ndi mtovu womiza wa maaunsi 4 mpaka 6. Pamwamba pa mbedza pakhale kawaya kachitsulo ka masentimita 10 mpaka 15. Mukakasiya, mano a shad amadula twayini ngati lezala, mungomva ndodo yapepuka. Nyambo ndi sardine youma ndi chisanu, yogula m'sitolo za asodzi. Isungeni m'bokosi la ayezi, muzitulutsa ziwiriziwiri. Chekani mnofu, utembenuzeni kuti mbali ya mafuta ikhale kunja, kulungani pambedza ndi kumanga ndi ulusi wotamuka kangapo konse, nsonga ya mbedza ikhale poyera. Sardine yosungunuka imafewa ngati phala, imathothoka m'mwamba musanafikitse pamadzi. Kankhokho kakang'ono koyandama pafupi ndi mbedza kamadzutsa nyambo kuti nkhanu zisaimalize pansi. Madzi akamakokera chingwe cham'mbali, ikani mtovu wa timiyendo tawaya togwira mchenga.

Madzulo aliwonse tsukani rilo ndi ndodo ndi madzi apampopi oyenda pang'onopang'ono. Osathira mwamphamvu, mumakankhira mchere mkati. Rilo yogona ndi mchere masiku awiri imayamba kulira ndi kugwira.

Chilolezo nchofunika ngakhale mukuwedzera pamwala. Chimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe, ndipo chizikhala m'thumba. Shad salola kugwira kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala. Nthawi zina zonse munthu mmodzi amatenga 4 patsiku, iliyonse yosachepera masentimita 30. Garrick ndi 2, masentimita 70. Lembani miyeso imeneyi pa chivundikiro cha bokosi lanu. Kugulitsa zimene mwagwira ndi mlandu, choncho maganizo oti mubweze ya petulo asiyeni. Dera la Aliwal Shoal, pafupi ndi Umkomaas ndi Scottburgh, nlotetezedwa ndipo mbali zina kuwedza nkoletsedwa, werengani zikwangwani.

Pamiyala musaifulatire nyanja. Mafunde a mwera mumawadziwa, amabwera motsatana. Akuno amatha kufatsa mphindi zingapo kenako nkubwera limodzi lalikulu. Mwala ukakhala wonyowa pamwamba, ndiye kuti funde limafikapo. Ana akhale pamchenga, ndipo asambe pakati pa mbendera za opulumutsa osambira zokha. Za boti, mankhwala oletsa chizungulire mumwe usiku woti mawa mukwera boti, ndipo tsikulo lisungitseni kumayambiriro kwa tchuthi kuti mphepo ikalepheretsa ulendo mukhale ndi lina losinthira.