Kodi ku Kasungu droni ingouluka popanda kufunsa?

Owerenga wina wa ku Santhe watilembera imelo. Wagula droni ya DJI Mini yoti azijambulira maukwati ndi minda ya fodya, ndipo anzake amuuza kuti ku Kasungu kuli "khwalala la madroni", ndiye akhoza kuikweza mpaka 400 osapempha kwa aliyense. Akufunsa ngati n'zoona.

Ayi achimwene, anzanuwo asakaniza nkhani ziwiri.

Khwalalalo lilipodi. Boma ndi UNICEF analitsegula mu Juni 2017. Pakati pake ndi bwalo la ndege la Kasungu, ndipo limafika makilomita 40 mbali zonse ndi mamita 400 m'mwamba. Koma analikonzera oyesa madroni onyamula mankhwala ndi ojambula mapu, amene amayamba apempha n'kuvomerezedwa. Si dambo loti aliyense adyetsepo mbuzi zake. Inuyo pitani ku Malawi Civil Aviation Authority, bungwe loona za ndege, munene poyera kuti droniyo ndi ya bizinesi, ndipo malire amene akupatseniwo ndiye anu.

Tsono 400 ija. Malire omwe mayiko ambiri amaika ndi mafiti 400, omwe ndi mamita 120 basi, ndipo DJI imabwera itatsekedwa pamenepo. Mukasintha n'kulemba 400 m'mamita, mwapitirira katatu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ndege ikamatera imatsetsereka pa madigiri pafupifupi 3, kutanthauza kuti ikatsala makilomita 2 kuti ifike pabwalo imakhala pa mamita 100 okha. Ukwati wanu ukakhala pamzere umenewo, muli njira imodzi. Woyendetsa ndegeyo sangakaone kadroni kotuwa kaja, ndipo batire yake ndi yolimba, si mbalame ayi: imaswa galasi la kutsogolo kapena kubenthula propela. Bwalo la Kasungu limaoneka la zii masiku ambiri, n'chimene chimapusitsa anthu. Mukamva injini m'mwamba, tsitsani pompo, mkwatibwi adikire.

Msampha wina ndi Phiri la Kasungu. Nambala ya pa sikirini yoonetsa mamita amene droni yakwera imawerengera pamene mwanyamukira, osati nthaka imene ili pansi pa droni. Mukanyamukira pamwamba pa phiri n'kulowera kutauni, sikirini izinena 80 pomwe droni yakwera kutali ndi madenga. Mukanyamukira m'munsi n'kuzungulira kuseri, siginolo imaduka, droni n'kuyamba kubwerera yokha molunjika. Ngati Return to Home (msinkhu womwe imauluka pobwerera yokha) munaika pa mamita 30, ikagunda thanthwe kapena bulugamu.

Mwera wa mu Julayi musaudelere. Mini imapirira mphepo ya makilomita pafupifupi 38 pa ola, ndipo m'mwamba imaomba kuposa pamene mwaimapo. Popita yang'anani kumene mphepo ikuchokera kuti pobwerera izikukankhani, ndipo batire ikafika pa 30 peresenti tembenukani.

Za ku Kasungu National Park ndi chilolezo china, cha a zanyama zakuthengo. Njovu zimamva kulira kwa droni ngati njuchi, ndipo zikabalalika zikhoza kuthyola mpanda n'kulowa m'minda ya anthu.