Koleji ikukana kundisinthira kosi ya French chonsecho sindimva bwino, ndipange bwanji?

Achemwali, uthenga wanu ndawuwerenga. Mwati muli chaka chachitatu pa digiri ya History, muli ndi vuto la kumva makutu onse awiri, ndiye pali kosi ya French yoti aliyense akhoze kuti amalize, inuyo mwailephera kawiri chifukwa cha gawo lija amayatsa mawu pa sipika inu nkumayankha zomwe mwamva. Mutapempha kosi ina m'malo mwake alekichala anangoti malamulo ndi malamulo, aliyense amalemba. Ndiye mukufunsa kuti kodi akuloledwa kukana chonchi, nanga mungawatengere kukhoti?

Ndiyambe ndi zomwe mwina simuzikonda. Koleji ikhoza kukana kusintha kosi ndipo khoti nkugwirizana nayo. Koma kukana kwake sikumeneku ayi. Mawu oti malamulo ndi malamulo, oyankhulidwa ndi munthu mmodzi ataimirira pakhomo la ofesi, sichigamulo cha koleji, ndipo koleji imene yangokana chonchi osakhala pansi nkuunika nkhani yanu ndi imene imavutika ikafika pamaso pa jaji.

Maziko ake ali mu pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, CRPD, lomwe linavomerezedwa pa 13 December 2006 nkuyamba kugwira ntchito pa 3 May 2008, ndipo pafupifupi mayiko onse analowamo. Ndime 24 gawo 5 ikunena za maphunziro apamwamba mwatchutchutchu, kuti munthu waulumali aphunzire popanda tsankho ndipo amukonzere zomwe zikufunika kuti athe kuphunzira ngati anzake. Ndime 2 ndi imene ili ndi mano, chifukwa imati kukana kumukonzera munthu zoterezi ndi tsankho palokha, pokhapokha zitaoneka kuti ndi mtolo wolemera mopitirira muyeso. Komiti yoyang'anira panganoli inafotokozanso mu 2016 ndi mu 2018 kuti udindowu ndi wa pompopompo, si zoti tidzaona ndalama zikadzapezeka, wophunzira asalipitsidwe ndalama zina chifukwa cha zimenezi, komanso amene akunena kuti nzolemera ndi amene abweretse umboni, osati inu. Kungoti pangano la mayiko silimene mumanyamula kupita nalo kukhoti m'mayiko ambiri, mumanyamula lamulo la dziko limene kuli kolejiyo, monga ku America kuli Section 504 ya 1973 ndi ADA ya 1990, malamulo oletsa kusala anthu aulumali, ku Britain kuli Equality Act ya 2010. America ndiye panganoli inasaina koma nyumba ya malamulo yake sinalivomereze mpaka pano, chonsecho milandu yambiri yodziwika pa nkhani yosintha makosi inachokera komweko.

Tsopano apa ndi pamene nkhani yanu yagona. Malamulo onsewa amasiyanitsa zinthu ziwiri, chomwe digiri ikufuna kuti munthu adziwe, ndi njira yomwe akuyesera ngati akuchidziwa. Njira ikhoza kusinthidwa ndipo kawirikawiri ayenera kuisintha. Chomwe chili mtima wa digiriyo sangakakamizidwe kuchichotsa. Mu 1979 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa Southeastern Community College ndi Davis, mayi yemwe anali ndi vuto la kumva ngati inu ndipo amafuna kuphunzira unamwino, khoti linati koleji siingakakamizidwe kumuchotsera maphunziro a m'chipatala chifukwa mukachotsa amenewo chatsalacho sichilinso unamwino. Makoleji amaukonda mlandu umenewu, amathamangira kuutchula. Koma funso lanu ndi lina, kodi kumva French pa sipika ndi mtima wa digiri ya History? Ine ndikukayika kwambiri. Ngati cholinga ndi choti muzitha kuwerenga zolembedwa zakale za m'chinenerocho ndiye kuwerenga ndi kulemba mukutha, makutu akubweramo bwanji?

Mlandu wina ndi wa Wynne ndi Tufts University mu 1991, wophunzira za udokotala yemwe anali ndi dyslexia, vuto lovutika kuwerenga, ndipo amavutika ndi mayeso osankha yankho aja. Khoti la apilo linati sikokwanira kuti yunivesite ingonena kuti ife timayesa chonchi basi, iyenera kuonetsa kuti anthu oyenera anakhala pansi, anaganizira njira zina, anaona ngati nzotheka, mtengo wake, ndi mmene zingakhudzire maphunziro, kenako nkufika pa chiganizo chomveka. Tufts inabwerera, inakalemba zifukwa zake bwinobwino, mu 1992 nkuwina mlanduwo. Mwaona eti? Inapunthwa koyamba chifukwa chosaonetsa kuti inaganiza, itaonetsa inadutsa.

Wofanana kwambiri ndi wanu ndi wa Guckenberger ndi Boston University mu 1997. Yunivesite inali itasiya kulola ophunzira omwe ali ndi mavuto ophunzira kusintha makosi a zinenero zakunja ndi masamu, ophunzira anasuma, jaji anapeza kuti chiganizocho sichinachokere pa kuunika kwenikweni ndipo analamula kuti akhazikitse njira yokambirana nkhani ya zinenero moyenera. Komiti ya aphunzitsi inakumana, nkunena kuti chinenero chakunja nchofunika pa digiri yawo, ndipo mu 1998 jaji yemweyo anavomera. Ndiye musamve ngati kusintha kosi ndi ufulu woti mungotenga. Ufulu wanu weniweni ndi woti pempho lanu liunikidwe panokha, ndi anthu odziwa, nkukupatsani yankho lolembedwa lokhala ndi zifukwa. Komabe malamulo a Section 504 amatchula kusintha kosi ina ndi ina ngati imodzi mwa njira zovomerezeka, pamodzi ndi kuwonjezera nthawi yomalizira digiri ndi kusintha kaphunzitsidwe, ndiye wina asakuuzeni kuti zimenezo sizichitika kulikonse.

Chifukwa chake ine ndikanakhala inu sindikanayamba ndi kupempha kosi ina. Ndikanayamba ndi gawo lomvetseralo. Pemphani kuti gawolo alisinthe, kaya akupatseni zolembedwa muwerenge nkuyankha, kaya kanema wokhala ndi mawu olembedwa pansi, kaya munthu aziyankhula nanu maso ndi maso m'chipinda chopanda phokoso ngati mumawerenga milomo, kaya malikisi a gawolo awasamutsire ku magawo owerenga ndi kulemba. Pempho lotere nlovuta kulikana, silidya ndalama, kosi ikhala yomweyo, ndipo French yo mukuphunzirabe. Ku England mu 2024 High Court pa mlandu wa University of Bristol inanena kuti mayeso oyankha pakamwa pa kosi ina ya Physics inali njira chabe yoyesera, osati luso lomwe digiri imafuna, ndiye yunivesite imayenera kusintha. Maganizo ake ndi omwewa. Kenako m'kalata yomweyo muwonjezere kuti ngati zimenezo sizitheka mukupempha kosi ina, ndipo muitchule nokha, musawasiyire. Sankhani yoyandikana ndi cholinga cha kosi ya French yo, mwina chinenero choti chimayesedwa powerenga pokha monga Latin, mwina kosi ya mbiri ndi chikhalidwe cha mayiko oyankhula French, mwinanso chinenero chamanja ngati koleji imachiphunzitsa, makoleji ambiri ku America amachiwerengera ngati chinenero china. Mukatchula kosi yooneka yophweka yosagwirizana nkomwe ndi nkhaniyo mwawapatsa poyambira kunena kuti mukungozemba.

Kalatayo musaipititse kwa alekichala aja. Ipite ku ofesi yoona za ophunzira aulumali, ngati kulibe ipite kwa registrar kapena dean, kope ina kwa mkulu wa dipatimenti. Ikhale ndi deti, itumizidwe pa imelo ya sukulu kapena ngati ndi pepala akudindireni kope yanu. Mufotokoze vuto lanu mwachidule, chomwe chikukutchingani kwenikweni, zomwe mukupempha, ndi tsiku lomwe mukufuna yankho, makamaka lisanafike tsiku lotsekera kulembetsa makosi a semesita ikubwerayi. Muikemo malikisi anu a magawo ena a French ngati ali abwino, umenewo ndi umboni wamphamvu kuposa kudandaula kulikonse chifukwa ukuonetsa kuti chinenerocho mukuchitha, chikukugwetsani ndi sipika.

Za lipoti la chipatala, komiti ya United Nations ija inanena kuti thandizo lisamadikire pepala la dokotala, koma kunena zoona makoleji ambiri amalifunabe ndipo kulimbana nawo pamenepa nkutaya nthawi ngati lipoti muli nalo. Perekani zotsatira za kuyezedwa makutu, ndipo mupemphe amene anakuyezaniyo alembe mizere ingapo yonena zomwe simungathe kumva, monga mawu ojambulidwa opanda nkhope ya woyankhula. Lipoti longotchula dzina la vuto silithandiza komiti ya koleji, amafuna kudziwa kuti m'kalasi zikutanthauza chani. Mbiri yanu yonse ya kuchipatala sakuyenera kuiona, ndipo alekichala akuyenera kungouzidwa zoti achite, osati zonse za m'fayilo mwanu.

Pali china chomwe chikhoza kukupwetekani. Simunanene ngati koleji munaidziwitsa mwalamulo musanalembe maulendo awiri aja. Ku koleji sizili ngati ku pulayimale komwe aphunzitsi ndi makolo amathamanga m'malo mwanu, ku America makamaka udindo wodziulula ndi kupempha ndi wanu, ndipo thandizo limayamba pomwe mwapempha, silibwerera mmbuyo kukafufuta magiredi akale. Ku Britain nkosiyanako pang'ono poti yunivesite imayenera kukonzekera pasadakhale ndi kuchitapo kanthu ikaona vuto. Ngati munawauza kale, kaya pa fomu yolembetsera sukulu kaya pa imelo, ifufuzeni lero muisunge, chifukwa pamenepo muli ndi poyimira kupempha kuti kulephera kuwiri kuja kusawerengedwe ndipo mulembenso ngati koyamba. Ndipo chonde musalembe kachitatu zinthu zisanasinthe, makoleji ambiri ali ndi malire a maulendo obwereza kosi, mukawadutsa nkhani imasanduka yochotsedwa sukulu, yomwe ndi yovuta kuposa iyi.

Akakana molemba, pemphani zifukwa, amene anapanga chiganizo ndi ndani, ndi njira zina zomwe anaziganizira. Kenako chitani apilo mkati mwa koleji momwemo, masiku ake amalembedwa mu buku la malamulo a ophunzira ndipo nthawi zambiri amakhala ochepa, muwaone msanga. Kunja kwa koleji nako kuli mawotchi ake omwe sadikira. Ku America dandaulo lopita ku Office for Civil Rights ya unduna wa maphunziro limafunika mkati mwa masiku 180 kuchokera tsiku la tsankholo. Ku England ndi Wales kuli ofesi ya OIA yomwe imalandira madandaulo a ophunzira a mayunivesite mkati mwa miyezi 12 kuchokera pa kalata yoti njira za mkati zatha, pomwe kukhoti pansi pa Equality Act nthawi yake ndi miyezi 6. Kwina kulikonse yang'anani bungwe loona za ufulu wa anthu, ombudsman, kapena bungwe loyang'anira makoleji, zambiri mwa izi nzaulere.

Khoti ndiye ndimaliyika kumapeto, osati chifukwa mlandu wanu ndi wofooka koma chifukwa muli chaka chachitatu, mlandu ukhoza kutenga zaka anzanu atavala kale magauni, komanso majaji sakonda kuuza aphunzitsi zoti aziphunzitsa bola aonetse kuti anaganiza. Kalata ya loya imodzi yofunsa kuti ndi komiti iti inaunika pempholi ndipo mamineti ake ali kuti nthawi zambiri imasuntha zinthu kuposa samani.

Munafunsanso ngati kosi yosinthidwa idzaoneka pa transcript, pepala la makosi ndi magiredi anu onse, nkukuonongerani ntchito. Dzina la kosi yomwe mwatengayo lidzaoneka inde, koma siziyenera kulembedwapo kuti munasintha chifukwa cha ulumali. Chomwe muyenera kufunsa musanavomere ndi choti kodi masters yomwe mukuifuna mtsogolo imafuna French kapena ayi, chifukwa mapulogalamu ena a History amafuna umboni woti mumawerenga chinenero china, ndiye ngati ndi choncho kulibwino mulimbikire njira yoyamba ija yosintha gawo lomvetsera, kosi yina ikhale yosungira.