Mpweya wa methane wa m'migodi ya malasha: bwanji osaupangira magetsi?

M'bale wathu wina wa ku Malawi, yemwe banja lake lili muno mu Johannesburg koma iye amakonza zamagetsi pa mgodi wina wa malasha ku Mpumalanga, watumiza imelo yofunsa kuti: "Mafani a pamgodi pathu amalira usana ndi usiku kutaya methane kunja. Amati mpweyawu umayaka. Bwanji osangolumikiza jenereta pakamwa pa faniyo, mmene magetsi a Eskom akukwereramu?"

Achimwene, mphamvu mwaionayo ilipodi. Chovuta n'chakuti zomwe fani imatulutsa si methane weniweni ayi, ndi mphepo wamba yokhala ndi kadontho chabe ka methane.

Methane amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mphepo, ndipo amaopsa kwambiri cha pa 9.5 peresenti. Ndi wopepuka kuposa mphepo, choncho amaunjikana kudenga kwa mgodi komwe munthu samuona kapena kumununkhiza. Ntchito yonse ya mafani ndi kumusungunula kuti asafike n'komwe pa 1 peresenti. Ngozi ya kuphulika kwa mgodi wa malasha wa Wankie ku Zimbabwe m'chaka cha 1972 inapha anthu opitirira 420, ena mwa iwo Amalawi, ndipo ya pa mgodi wa Hlobane muno mu South Africa mu 1983 inapha 68. N'chifukwa chake mafaniwo sapuma.

Tiyerekeze fani yomwe ikukoka makiyubiki mita 200 a mphepo pa sekondi, methane wake ali 0.2 peresenti. Pa ola limodzi ikutaya makiyubiki mita 1,440 a methane. Kiyubiki mita imodzi ili ndi mphamvu pafupifupi 10 kWh (mayunitsi 10 a magetsi), ndipo injini yabwino imasandutsa magetsi 40 peresenti yokha ya mphamvuyo, ndiye kuti 4 kWh. Mukachulukitsa mupeza magetsi oyandikira 6 MW (mamegawati 6, ndiye kuti makilowati 6,000). Koma injini siingayake ndi mpweya wosungunuka chotero. Zili ngati supuni imodzi ya shuga m'diramu la madzi: shugayo alimo, koma palibe angati wamwa tiyi. Njira yowotchera mpweya woterewu ilipo, yodutsitsa mphepoyo m'njerwa zapadera zotentha pafupifupi madigiri 1,000. Ku West Cliff ku Australia anayamba kupanga 6 MW mwa njira imeneyi mu 2007, koma ankadyetsa makinawo mpweya wa 0.9 peresenti, ndipo makina otere ndi odula zedi.

Magetsi ambiri a methane amachokera ku mpweya wokokedwa ndi mapaipi usanasakanikirane ndi mphepo ya mafani. Amabowola mabowo aatali m'malasha asanawakumbe, kapena kuchokera pamtunda kulowa m'malo omwe anakumba kale denga n'kugwa. Pakamwa pa bowo lililonse amaikapo paipi yachitsulo n'kuimata ndi simenti. Mapaipiwo amakumana m'paipi yaikulu yopita ku mapampu okoka, omwe nthawi zambiri amakhala ozungulira m'madzi kuti pasathetheke moto. Kuchoka apo mpweya umadutsa m'zotchinga malawi, m'makina oziziritsa kuti chinyontho chisanduke madzi n'kugwa, m'sefa yochotsa fumbi, kenako umafika ku injini. Injini imazungulitsa jenereta, thiransifoma n'kukweza voteji kuti magetsiwo alowe m'mawaya a pamgodi. Pambali pamayenera kukhala chumuni yowotchera mpweya nthawi yomwe injini yaima.

Injini zimenezi zimafuna methane wosachepera 25 mpaka 30 peresenti. Kuti mupeze 1 MW pamafunika makiyubiki mita pafupifupi 250 a methane weniweni pa ola, ndiye ngati mpweya wanu uli 40 peresenti, mapaipi ayenera kunyamula makiyubiki mita 625 pa ola, osadukiza.

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimagwera. Pampu ikakoka mwamphamvu kwambiri, kapena simenti ya pakamwa pa bowo ikang'aluka, mphepo imalowerera m'paipi. Kuchuluka kwa mpweya kumaoneka bwinobwino pa mita, koma methane akutsika, 40, 32, 24, kulowera ku 15 komwe paipi yonseyo imasanduka bomba. Choncho payenera kukhala choyezera methane chotseka valavu chokha akatsika pansi pa mlingo woikidwa, ndipo munthu wochilambalala choyezeracho kuti injini isazime ndi wofunika kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Vuto lachiwiri ndi madzi. Mpweya umatuluka pansi uli wofunda ndi wonyowa, ukazizira m'paipi madzi amadikha pamalo otsika n'kutsekereza njira. Mukaika khutu mumamva paipi ikuchita kubwibwinya, singano ya geji ikudumphadumpha. Pamalo potsika paliponse payenera kukhala kathanki kokhutulira madziwo, ndipo wina azikayang'ana shifiti iliyonse. Nyengo nayonso imalowererapo: kupanikiza kwa mphepo ya kunja (air pressure) kukatsika mvula isanagwe, malo omwe anakumba kale n'kutseka amalavula mpweya wambiri, kukakwera amakoka mphepo. Ndiponso kuno ku Highveld tili pamwamba, mamita opitirira 1,500, mphepo ndi yopepuka, choncho funsani ogulitsa injini kuti ipereka zingati pamtunda wotere, osangokhulupirira zolembedwa pa chikwangwani chake.

Komwe mpweya ndi wambiri zimayenda. Ku Appin ndi Tower ku Australia anaika injini 94 za pafupifupi 1 MW iliyonse mu 1996, ndipo mgodi wa Sihe m'chigawo cha Shanxi ku China uli ndi malo opangira 120 MW. Imeneyo ndi migodi yakuya. Malasha ambiri a ku eMalahleni, ku Mpumalanga komweko, ali pafupi ndi pamtunda, ndipo methane wake wambiri anathawa kalekale. Wotsalayo amabisala m'matumba m'mbali mwa miyala ya dolerite yomwe inaboola malashawo. Thumba lotere litha kupha anthu, koma silingadyetse injini kwa zaka khumi. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yodziwika kwambiri yogwira methane muno mu South Africa inachitika pa mgodi wa golide, wa Beatrix ku Free State, komwe anayamba kumuwotcha cha mu 2011.

Kungowotchako musakupeputse. Pa zaka 100, methane amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi 28 kuposa mpweya wa kaboni wolemera mofanana, ndiye chumuni yokhayo imachepetsa vuto pa mtengo wochepa.

Ngati mukufuna kukauza mabwana anu, yambirani ku ofesi ya oyang'anira mphepo pamgodipo. Afunseni kuti tani imodzi ya malasha anu ili ndi makiyubiki mita angati a methane, kuti m'malo otsekedwa methane amafika peresenti ingati, ndi kuti mgodiwo watsala ndi zaka zingati. Mukapeza bowo lopereka mpweya woposa 30 peresenti, liyesedwe ndi pampu ndi chumuni kwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, asanagule injini. Akagula, ayambe ndi imodzi ya 1 MW ya m'kontena, yomwe itha kunyamulidwa kupita pa bowo lina mpweya ukachepa.